Funsani Ankolo: za mawotchi oyenda popanda batire

FUNSO: Ankolo, bambo athu anatisiya chaka chatha ndipo mu sutikesi mwawo tinapezamo wotchi imene ankati anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Pankhope pake palembedwa Roamer, 17 jewels, Swiss made. Sikuyenda. Achimwene anga akuti muli miyala yamtengo wapatali 17 nde tiigulitse tigawane, pomwe okonza mawotchi ena mtauni muno akuti angochotsa zamkatizo aikemo makina a batire iziyenda. Ine mutu waima, nditani? (Mayi wa ku Chiputula)

YANKHO: Pepani ndi zovutazo mayi. Achimwene anuwo auzeni mtima ukhale m'malo, m'menemo mulibe chuma cha ku migodi ayi. Ma jewel amenewo ndi ruby inde, koma yopanga ku fakitale, njira yake anailengeza mkulu wina wa ku France, Auguste Verneuil, mu 1902, ndipo ndi timiyala ting'onoting'ono toti simungatitole ndi zala, olo mutatichotsa tonse palibe angakupatseni ndalama ya minibasi. Ntchito yake ndi yoti nsonga za timagiya zizizungulira pa chinthu cholimba chosaperepeseka, komanso kamwalako kamasunga kadontho ka oyilo. Nambala ya 17 imangotiuza kuti makinawo anapangidwa bwino, basi.

Koma za batirezo nde ayi, musalole. Akachotsa makinawo mutsala ndi chikhokhombe chabe, wotchi ya bambo yapita. Mkatimo muli sipuling'i yaitali yokulungidwa, mukamapotokola kamutu kam'mbali kaja mumakhala mukuimanga, iyo pomasuka imakankha timagiya, ndipo kuti isamasuke kamodzin'kamodzi pali kagudumu kotchedwa balance kamene kamapita uku n'kubwerera uku, m'mawotchi ambiri akale kasanu pa sekondi, kumene ndi ka 18,000 pa ola, phokoso lija la tiki tiki limachokera pamenepo. Kamuzu anaimitsa za Wenela mu 1974 itagwa ndege ija ku Francistown, ndiye ngati bambo anapita izi zisanachitike wotchiyo yadutsa zaka 50, oyilo wake anauma kalekale n'kusanduka phula. Nthawi zambiri vuto limakhala lomwelo, kapena sipuling'i inaduka, zonse ziwiri zimakonzeka.

Yesani kaye kupotokola kamutuko pang'onopang'ono, mukamva kuti kalimba siyani pomwepo, osakakamiza. Ikayamba kuyenda musasangalale n'kuyamba kuivala daily, kuyendetsa makina ouma kuli ngati kuliza chigayo chopanda girisi, chimagaya ndithu koma chikudzidya chokha. Ikufunika sevisi yeniyeni, kutanthauza kumasula kachidutswa kalikonse, kutsuka, kubwezera, n'kudontheza oyilo wake wa mawotchi m'malo oyenera okha. Okonzawo afunseni mmene amachitira. Akakuuzani kuti amangoviika makina onse mu petulo kenako n'kuthira oyilo wa makina osokera, thokozani, tengani katundu wanu muzipita. Funafunani madala amene anayamba ntchitoyi mabatire asanadzaze pamsika, alipo ochepa koma alipo, olo zitatengera kukwera basi mpakana ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

China, musalole aipale kuti iwale kapena apentenso nkhope yake, osonkhanitsa mawotchi amadana nazo kwambiri zimenezo ndipo mtengo umatsika. Komanso ena a m'ma 1950 kubwerera m'mbuyo manambala ake owala usiku ankapaka utoto wa radium, si wofunika kuupala ndi singano kapena kupuma fumbi lake.

Za mtengo ndinene mosabisa, Roamer ndi kampani ya ku Solothurn ku Switzerland, inapanga mawotchi abwino koma ochuluka zedi, yanuyo mukagulitsa mugawana ndalama yothera pa ndiwo za sabata. Ine ndikanakhala inu ndikanawapatsa achimwenewo kangachepe kuti nkhani ithe, wotchi n'kusunga, mdzukulu adzavale.

FUNSO: Ankolo pali man ena akundigulitsa Rolex Submariner pa 120 sauzande akuti anaipeza m'thumba la jekete ya mu belo ya kaunjika. Muvi wa masekondi ukuyenda mosalala osadumpha nde akuti umenewo ndi umboni woti ndi orijino. Nditenge? (Mnyamata wa ku Chibavi)

YANKHO: Aise, nkhani ya jekete ya mu belo imeneyo ndi yakale kuposa iwe. Submariner yachitsulo yatsopano imadutsa madola 9,000 ndipo yakale nayo siitsika kwenikweni, munthu woti ali ndi foni ya intaneti m'manja angakupatse pa 120 sauzande chifukwa chokukonda?

Za muvi wosalalazo zinkagwira ntchito kale pomwe mafeki onse anali a batire, poti ya batire imadumpha kamodzi pa sekondi. Pano amaikamo makina otchipa a automatic, aja odzimanga okha sipuling'i dzanja likamagwedezeka, amene amagunda kasanu ndi kamodzi pa sekondi, Rolex ya masiku ano imagunda kasanu ndi katatu, ndi maso okha sungasiyanitse bwinobwino. Itembenuze, ukaona kumbuyo kuli galasi loonetsa makina kapena chizindikiro chachikulu chozokota dziwa kuti ndi feki, Submariner kumsana kwake ndi chitsulo chopanda zolemba. Kagalasi kotukuka kapamwamba pa deti kamayenera kukulitsa nambala kawiri ndi theka mpaka kudzaza kawindo konse. Koma olo zonsezi zitakhoza usatenge, mafeki ena amakono amapusitsa ngakhale ogulitsa mawotchi mpaka atatsegula.

Ndalama imeneyo onjezera ugule Seiko, Orient kapena Citizen yeniyeni, ngati ukungofuna nthawi Casio F-91W ija yakhala ikupangidwa kuyambira 1989 ndipo siimva kanthu. Ungosamala ndi ma Seiko 5 akale a nkhope zowala mitundu yachilendo otchipa kwambiri pa intaneti, ambiri amalumikizidwa ku India kuchokera ku zidutswa za mawotchi akufa n'kupentedwanso.

FUNSO: Monire ankolo. Seiko 5 yanga ndikaivula Lachisanu madzulo, Lolemba ndimapeza itaima. Kuonjezera apo mwezi uno yayamba kuthamanga, tsiku limodzi ikutsogola mphindi zingapo moti ndikumatulutsa ana m'kalasi belu lisanalire. Komanso chibwerereni ku Nkhata Bay mkati mwa galasi mumachita nkhungu m'mawa. (Mphunzitsi wa ku Katoto)

YANKHO: Yewo aphunzitsi, mavuto atatu koma loyambalo si vuto. Automatic ili ndi kachitsulo kolemera kozungulira kumbuyo kamene kamamanga sipuling'i dzanja likamagwedezeka, ikadzaza imayenda pafupifupi maola 40, nde kuchokera Lachisanu madzulo imakafera Lamulungu m'mawa muli ku tchalitchi. Ma Seiko 5 ambiri akale, aja a makina a 7S26, sawayindidwa ndi kamutu olo mupotokole tsiku lonse, mumangoigwedeza mofatsa kwa kamphindi n'kuivala. Pokonza deti pewani nthawi imene mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, timagiya ta deti timakhala titalumana kale, mutha kuthyola dzino.

Kuthamangako ndikukayikira maginito. Pa kagudumu ka balance pali kasipuling'i kopyapyala kwambiri, kakagwidwa maginito mizere yake imamatana, kamafupika, wotchi n'kumathamanga. Kodi usiku simukuisiya pamwamba pa sipika kapena pa kava ya foni ija yotseka ndi maginito? Iyandikizeni pa kampasi, muvi ukagwedezeka ndi zomwezo, ndipo wokonza amene ali ndi kachipangizo kochotsera maginito amathana nazo m'masekondi ochepa osatsegula n'komwe. Kutsogola kapena kutsalira masekondi 20 patsiku kwa Seiko 5 ndi khalidwe lake, musavutike nazo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nkhunguyo. Madzi analowa, timalabala totseka kumbuyo ndi pa kamutu tinatha, ndipo ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu kumene chopukutira chimatha masiku chili pachingwe osauma, dzimbiri silichedwa. Zoika mu mpunga zija sizichotsa madzi ali mkati, pitani nayo sabata ino akatsegule, aumitse, asinthe malabala. Ndipo mawu aja akuti 30m olembedwa pa wotchi satanthauza kuti mukasambire nayo pa Chikale, amenewo ndi a mvula ndi kusamba m'manja basi.

FUNSO: Ankolo ine sindimvetsa. Foni yanga imasunga nthawi bwino kuposa mawotchi anuwo, nde anthu amalipiriranji mamiliyoni a madola? Ndinamvanso kuti pali anthu opanga wotchi okha pamanja, zoona? Mmalawi angaphunzire? (Wophunzira wa ku Luwinga)

YANKHO: Pa nkhani ya kulondola wawina mphwanga, palibe mtsutso. Ya batire ili ndi kamwala ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, pomwe ya makina olo ikhale ndi satifiketi ya kulondola ya bungwe la COSC la ku Switzerland imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola 6 patsiku. Seiko itatulutsa Astron pa 25 December 1969, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz kugulitsidwa, ma Swiss anaona mbonaona, ogwira ntchito m'mafakitale awo a mawotchi anatsika kuchoka pa 90,000 kufika cha m'ma 30,000 pofika m'ma 1980. Makina anapulumuka atasiya kupikisana pa nthawi n'kuyamba kugulitsa luso.

Opanga okha alipodi, ali ndi bungwe lawo la AHCI limene analiyambitsa Svend Andersen ndi Vincent Calabrese mu 1985. Ine amene amandigometsa ndi Philippe Dufour wa ku Vallée de Joux ku Switzerland, wotchi yake yotchuka ya Simplicity ya mu 2000 imangoonetsa maola, mphindi ndi masekondi, palibe china, koma m'mphepete mwa kachitsulo kalikonse ka mkati amapala ndi manja n'kupukuta ndi kamtengo ka gentian mpaka kuwala, ndi malo omwe mwiniwake sadzawaona, ndipo zoyambazo anapanga pafupifupi 200 zokha m'zaka zoposa khumi. Wina anali George Daniels wa ku England amene ankagwirira ntchito pa chilumba cha Isle of Man, uyu ankapanga pafupifupi chilichonse yekha kuyambira timagiya mpaka chikhokhombe, n'kutulukiranso njira yatsopano yoyendetsera balance yotchedwa co-axial, makampani anamukana kwa zaka zambiri mpaka Omega inaitenga mu 1999. Anamwalira mu 2011, wophunzira wake Roger Smith akupitiriza pachilumba pomwepo.

Koma usasakanize zimenezi ndi za pa okushoni. Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu wa ku America, inagulidwa madola 17.8 miliyoni ku New York mu 2017, si kuti makina ake anali odabwitsa, anthu ankagula dzina la amene ankaivala, amenewo ndi masewera a anthu osowa kopita nazo ndalama ndipo ine sandikhudza.

Zoti Mmalawi angaphunzire, bwanji osaphunzira, Daniels yemweyo anayamba ali mwana wa m'banja losauka mu London akumasula mawotchi otola. Peza Seiko yakufa kapena wotchi ya alamu yakale poti zidutswa zake ndi zazikulu, gula kagalasi kapadiso, timasikuludiraiva ndi kopanira, kenako kakhale pambali pa madala okonza mawotchi aja uziwagulira tiyi uku ukuona manja awo. Ukamamasula jambula ndi foni yako yolondolayo sitepe iliyonse, yala nsalu yoyera patebulo chifukwa timasikuluwu timadumpha ndipo pa simenti sudzatipezanso, komanso usanamasule china chilichonse yamba wamasula mphamvu ya sipuling'i yaikulu ija pang'onopang'ono, apo ayi timagiya tithyoka mano usanaphunzire kanthu.