Setifiketi ya ASCP si laisensi ayi, achemwali

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene ali ndi digiri ya sayansi ndipo akhala akupanga PCR (njira yochulukitsa DNA kuti iyezedwe) mu labu ya kafukufuku kwa zaka zingapo. Akufunsa kuti akakhoza mayeso a ASCP (bungwe la ku America lopereka masetifiketi kwa ogwira ntchito m'malabu a zipatala) a molecular biology, gawo loyeza zinthu monga DNA, kodi basi atha kulembedwa ntchito mu labu ya chipatala kulikonse ku America? Komanso atenge laisensi ya gawo limodzi la ntchito za mu labu kapena ya zonse?

Achemwali, funso loyambalo yankho lake ndi ayi ndithu. ASCP si boma, ndi bungwe la akatswiri, ndiye ka MB (chidule cha molecular biology) kolemba kumapeto kwa dzina lanu kamangochitira umboni kuti mayeso munakhoza, ndipo muzikakonzanso zaka 3 zilizonse. Laisensi amapereka ndi boma la steti. Masteti ambiri safuna laisensi, amangoyendera lamulo la dziko lonse la CLIA la 1988, loyang'anira malabu oyeza odwala, ndipo olemba ntchito amangoona setifiketi yanuyo, koma ku California, New York, Florida ndi kwina kochepa, popanda pepala lawo simungayeze zinthu za wodwala n'kutulutsa zotsatira olo mutakhala katakwe chotani.

Pomwe mtima wanga ukuwawa ndi pa zaka zanu za kafukufukuzo. Ku California laisensi ya gawo lanu ilipo, koma amafuna chaka chathunthu chophunzira kapena kugwira ntchito mu labu yoyeza odwala imene iwo amaivomereza, ndipo za kafukufuku sawerengera. Zimaoneka ngati nkhanza eti, poti makina ake ndi omwewo, manja ndi omwewo. Koma taganizani, mu kafukufuku mukalakwitsa mumangobwereza mawa, pomwe kuchipatala chubu chimodzi chikasinthana ndi chinzake munthu amauzidwa kuti ali ndi matenda omwe alibe, kapena amabwerera kunyumba akusangalala chonsecho akudwala.

CLIA yomweyi inabwera chifukwa cha zoterezi. Mu 1987 nyuzipepala ya Wall Street Journal inaulula za malabu omwe ankapanikiza antchito kuwerenga masilaidi a Pap smear (oyezera maselo a khomo la chiberekero) ambirimbiri mothamanga, khansa ya khomo la chiberekero osaiona, amayi n'kumwalira. Mpaka pano woyeza maselo otere saloledwa kupitirira masilaidi 100 pa maola 24. Ndiye ine malamulowa sindiwada ayi, ngakhale mapepala ake amatopetsa zedi.

Tsopano za gawo limodzi kapena zonse. Laisensi ya gawo limodzi imakutsegulirani chitseko komanso imakumangirani mpanda, mukatenga ya molecular ndiye kuti blood bank (kokonzera magazi oika odwala) musakhudzeko, microbiology (koyezera tizilombo toyambitsa matenda) musakhudzeko, olo anzanu atapanikizika bwanji usiku. Zipatala zing'onozing'ono zimafuna munthu woti akatsala yekha pa shifiti ayeze shuga, awerenge magazi, akonzenso magazi oika wodwala, ndiye wa gawo limodzi ntchito amakaipeza kwambiri m'malabu akuluakulu ndi m'zipatala za mayunivesite.

Kwa inuyo, poti digiri muli nayo kale ndipo mwalemba kuti DNA mumaikonda, ine ndingati pitani ndi ya gawo limodziyo. Kungoti musanalipire ndalama ya mayeso, sankhani kaye steti yomwe mukufuna kukakhala, muwerenge zofuna zawo, ndipo ngati digiriyo munatenga kunja kwa America itumizeni msanga kwa ounika madigiri akunja akaiunike chifukwa zimenezo zimadya nthawi.