Mwafunsa za pikapu: ubwino wake ndi zovuta zake

Makalata ambiri amene tasankha ulendo uno akukhudza galimoto za pikapu za msinkhu wapakati, monga Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max, Nissan Navara ndi Mitsubishi Triton. Zimenezi ndi zazikulu kuposa galimoto wamba, koma n'zocheperako poyerekeza ndi zimphona za ku America monga Ford F-150 ndi Ram 1500.

Funso: Ndili ndi banja la anthu asanu ndipo ndikumanga nyumba. Ndikufuna kugulitsa galimoto yanga yaing'ono kuti ndigule pikapu ya double cab, ija yokhala ndi mipando kutsogolo ndi kumbuyo, koma mayi akunyumba akuti galimoto zoterezi n'zantchito basi, si zoyendera banja. Kodi akulondola ndani? — Bambo wa ana atatu

Yankho: Bambo, mayiwo akunena zoona kwakukulukulu, ngakhale kuti nkhaniyi sithera pomwepo. Pikapu inapangidwa kuti izinyamula katundu, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mudzaikondere kapena kudandaula nacho chikuchokera pamenepa. Galimoto yanu yaing'onoyo thupi ndi chimango chake n'chinthu chimodzi, pomwe pikapu ili ndi chassis yachitsulo chokhuthala, ndipo chipinda chokhala anthu komanso bodi yonyamulira katundu amachita kuzimanga pamwamba pake. Kumbuyo kwa mapikapu ambiri kumakhala masipuling'i a zitsulo zosanjikizana, omwe amawalimbitsa dala kuti asagonje katundu akalemera. Bodi ikakhala yopanda kanthu masipuling'iwo amasowa chowapanikiza, choncho galimoto imanjanja pa kabampu kalikonse, ndipo omwe amamva kwambiri ndi okhala kumbuyo, pa mpando umene ndi kale lomwe ndi wowongoka kwambiri chifukwa unatsamira khoma la chipinda. Makampani ena ayesetsa kuchepetsa vutoli. Nissan, mwachitsanzo, inaika masipuling'i opiringizika kumbuyo kwa ma Navara ambiri a double cab amene anayamba kutuluka mu 2014. Komabe pa ulendo wautali ana anu adzaona kusiyana.

Palinso vuto limene ogula ambiri amalizindikira atagula kale, ndilo lakuti pikapu ilibe malo otsekeka osungira zikwama. Anthu asanu akadzaza mipando, katundu yense amapita m'bodi, kumene mvula, fumbi ndi akuba amamufikira mosavuta, pokhapokha mutagula chivindikiro kapena kanope, zomwe zimafuna ndalama zina ndipo zimawonjezera kulemera. Bodi ya double cab imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka basi, pomwe ya single cab, yomwe ili ndi mipando yakutsogolo yokha, imafika cha m'ma mamita 2.3, ndiye matabwa, malata ndi mapaipi anu azidzatulukira kumbuyo ndipo adzafunika kumangidwa bwino.

Ubwino wake nawo ndi weniweni. Simenti, mchenga, utoto ndi zitsulo zimayenda padera ndi anthu, ndipo mukamaliza mumangotsuka bodiyo ndi madzi. Mimba ya galimotoyi imatalikirana ndi nthaka masentimita oposa 20, kotero imadutsa m'misewu yokumbika ndi yamiyala popanda kukhula pansi. Mitundu ina yakhala ikupangidwa kwa zaka zambiri, Hilux kuyambira 1968 ndipo Mitsubishi L200, yomwenso imatchedwa Triton, kuyambira 1978, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwake zipangizo ndi amakaniko oidziwa sasowa m'mayiko ambiri. N'chifukwa chakenso pikapu yosamalidwa bwino sigwa mtengo msanga poigulitsa.

Maganizo athu ndi akuti musagule galimotoyi chifukwa cha nyumba yokha, pakuti ntchito yomanga idzatha koma galimoto idzatsala. Ngati nyumba ikadzatha mudzakhalabe mukunyamula katundu wolemera kapena wodetsa sabata ndi sabata, kapena msewu wanu wa masiku onse ndi woipa, iguleni. Ngati ayi, kuchita hayala lole pa masiku ochepa otuta zipangizo kungakuthandizeni kuposa kumayendetsa bodi yopanda kanthu kwa zaka zambiri.

Funso: Wogulitsa galimoto anandiuza kuti pikapu imene ndikufuna imanyamula tani imodzi komanso imakoka ngolo ya makilogalamu 3,500. Kodi ndingathe kuchita zonsezi nthawi imodzi? — Mlimi wa ziweto

Yankho: Ayi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amawonongera galimoto zawo. Manambala awiriwo ndi oona, koma lililonse linayezedwa palokha. Tiyambe ndi tani imodziyo. Nambala imeneyi sikutanthauza katundu wa m'bodi yekha, koma chilichonse chimene chawonjezedwa pa galimoto yopanda kanthu, kuphatikizapo woyendetsa, okwera, kanope, chitsulo chotchinga kutsogolo, tayala lachiwiri lapadera ndi bokosi la zida. Tiyerekeze kuti mwakwera akuluakulu asanu, aliyense wolemera makilogalamu 75. Pamenepo makilogalamu 375 apita kale. Mukachotsanso zowonjezera zolemera makilogalamu 125, mwatsala ndi makilogalamu 500, omwe ndi matumba khumi okha a simenti.

Ngolo nayo imalowa m'chiwerengero chomwechi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mbali ina ya kulemera kwake, kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, imatsamira pa chokolekera cha kumbuyo kwa galimoto, ndiye ngolo ya makilogalamu 3,500 ikhoza kukulandani mpaka makilogalamu 350 pa tani ija. Yachiwiri ndi yakuti kampani iliyonse imaika malire a kulemera kwa galimoto ndi ngolo zikaphatikizidwa. Ngati malirewo ali makilogalamu 6,000, ndipo galimoto payokha ikulemera 2,100, mukakoleka ngolo yodzaza mumatsala ndi makilogalamu 400 okha a anthu ndi katundu yense. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'buku lake komanso pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa thupi lake, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko, ndipo ndi amenewo oyenera kuwakhulupirira kuposa mawu a wogulitsa. Dziwaninso kuti makilogalamu 3,500 aja ndi a ngolo yokhala ndi mabuleki akeake. Ngolo yopanda mabuleki malire ake nthawi zambiri ndi makilogalamu 750.

Malo oika katundu ndi ofunika mofanana ndi kulemera kwake. Pa double cab gawo lalikulu la bodi lili pamwamba pa matayala akumbuyo ndi kuseri kwake, choncho katundu wolemera akaikidwa kumapeto kwenikweni amapepula matayala akutsogolo, chiwongolero n'kuyamba kusamvera, ndipo galimoto ikamenya dzenje ili pa liwiro chassis imatha kupindika pakati pa chipinda ndi bodi. Zolemera muzizikankhira kufupi ndi chipinda. Ziweto zili ndi vuto linanso loti zimasuntha galimoto ili mkati moyenda, ndiye zimafunika zotchingira zolimba kuti zisathamangire mbali imodzi pokhota.

Funso: Pikapu yanga ndi ya 4x4, koma mvula ikagwa kumbuyo kumaterereka pokhota ngakhale pa msewu wa tala. Kodi ndiziyenda ndi matayala onse anayi nthawi zonse? — Mayi wochita bizinesi

Yankho: Mayi, kutererekako ndi chibadwa cha galimotoyi, si chizindikiro choti yawonongeka. Mukamayenda mu 2H mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo okha, ndipo bodi ikakhala yopanda kanthu matayala amenewa ndi omwe alibe chowakanikizira pansi. Injini ya dizilo imakoka mwamphamvu ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye mukaponda moto muli pakati pokhota matayalawo amataya msewu mosavuta.

Koma kutchera 4H, imene imatumiza mphamvu ku matayala onse anayi, kwamuyaya si yankho. Mapikapu ambiri alibe chipangizo chapakati cholola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, pomwe pokhota paliponse akutsogolo amayenda mtunda wautaliko. Pa matope, pa mchenga kapena pa miyala yosweka, matayala amaterereka pang'ono ndipo kusiyanako kumatha kokha. Pa tala wogwira bwino kuterereka kumeneko kulibe, choncho zitsulo zotumiza mphamvu zimapotana, matayala amadyeka, ndipo mapeto ake magiya amawonongeka. Zilipo galimoto zina zololedwa kuyenda ndi mphamvu ya matayala onse anayi pa tala, monga ma Triton okhala ndi Super Select komanso ma Ranger ena atsopano okhala ndi 4A, koma muyambe mwaona m'buku la galimoto yanu. Chimene chingakuthandizeni ndi matayala abwino okhala ndi mpweya woyenera galimoto yopanda katundu, kuchepetsa liwiro musanafike pokhota, ndi kusazimitsa chipangizo chothandiza kuti galimoto isaterereke. Kumbukiraninso kuti pikapu ndi yaitali msinkhu ndipo imalemera matani awiri kapena kuposa, kotero imapendekeka msanga mukakhota modzidzimutsa ndipo imafuna mtunda wautali kuti iime. Mphamvu ya matayala anayi imathandiza ponyamuka ndi pokwera, koma siwonjezera kanthu pa mabuleki.

Funso: Ine ndimayenda maulendo afupiafupi m'tauni, kuchoka kunyumba kupita kuntchito. Ndimakonda maonekedwe a pikapu komanso kukhala pamwamba. Kodi pali chondiletsa? — Wogwira ntchito mu ofesi

Yankho: Choletsa palibe, koma mukhala mukulipira zinthu zimene simukugwiritsa ntchito. Double cab imatalika pafupifupi mamita 5.3 ndipo imafuna malo a mamita 12 kapena 13 kuti itembenuke, ndiye poimika ndi m'misewu yopanikizika mudzatuluka nayo thukuta. Kukhala pamwamba kumakuonetsani patali, koma kumabisa zinthu zazifupi zimene zili pafupi ndi galimoto, kuphatikizapo mwana woima kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Pa mafuta, ya dizilo imamwa malita 8 mpaka 10 pa makilomita 100 ikakhala yopanda katundu, ndipo m'tauni imapitirira pamenepo. Matayala ake ndi aakulu, injini yake imalowa oyilo wambiri, ndipo zonsezi zimaonekera pa tsiku la sevisi.

Chachikulu kwa inu ndi injini yeniyeniyo. Mapikapu ambiri a dizilo a masiku ano, makamaka opangidwira mayiko a malamulo okhwima pa utsi, ali ndi sefa yotchedwa DPF imene imakola mwaye m'paipi ya utsi. Kuti mwayewo upse pamafunika kutentha kwa pafupifupi madigiri 600, komwe kumapezeka galimoto ikayenda kwa kanthawi pa liwiro lokhazikika. Maulendo a mphindi zochepa sapereka mpata umenewu, ndiye sefayo imatsekeka, nyali yochenjeza imayaka, mphamvu imachepa, ndipo kuisintha kumadula kwambiri. Ngati mtima wanu wakhazikika pa pikapu, funsani ngati imene mukufunayo ili ndi sefa imeneyi, ndipo ngati ilipo muziipatsa ulendo wautaliko pa msewu waukulu kawirikawiri, apo ayi sankhani ya petulo kumene ikupezeka.