Maloko a makwerero akukanirira, ndithire oilo wanji? Yankho kwa achimwene a ku Ntcheu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ntcheu, ntchito yawo ndi yoika masola ndi madishi pa madenga a anthu, kuyambira pa boma mpaka uko ku Tsangano. Ndafupikitsa koma akuti: "Ndinagula makwerero a aluminiyamu otalikitsa aja kwa munthu wochokera ku Joni, ogwiritsidwa kale ntchito. Pano maloko ake akumakanirira, nthawi zina mbali imodzi yokha ndi imene ikukola, kapule ka pamwamba kakulira kwii kwii ndipo kukoka chingwe ndi nkhondo. Ndinathira oilo wakuda wa galimoto, zinakhalako bwino masabata awiri kenako zaipiratu kuposa kale. Ndithire chani?"

Achimwene zikomo polemba, koma tisanafike pa za mafuta ndikupempheni chinthu chimodzi, musakwerenso makwerero amenewo mpaka maloko onse awiri, tizitsulo tija togwira sitepe mukatalikitsa, azikola. Mwanena nokha kuti nthawi zina mbali imodzi yokha ikugwira, nde kuti thupi lanu lonse pamodzi ndi panelo ya sola ili paphewa ija zikutsamira pa kachitsulo kamodzi kokha. Kulira kwa kapule, kagudumu kodutsa chingwe kaja, kungadikire, zimenezi ayi. Mzere uwu mu imelo yanu wandidetsa nkhawa kwambiri.

Tsopano za oilo wakudayo. Simuli nokha, ambiri timathira ameneyo chifukwa ku galaja amangokupatsa ulere mu kabotolo. Vuto lake ndi loti oilo amene watsitsidwa mu injini amakhala kale ndi mwaye komanso tizidutswa ta zitsulo, ndipo saumanso, amangokhala nyaa. Ndiye inu makwerero mumamangirira pa galimoto kapena pa njinga yamoto kudutsa misewu yafumbi ya kwanuko, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi lonse lija limakamata pa oiloyo nkusanduka phala lakuda lokhakhala. Phala limeneli ndi limene latseka loko wanu, ndipo likudyanso kapini ka lokoyo pang'onopang'ono ngati sandipepa. Girisi naye chimodzimodzi, ndi wabwino mkati mwa habu ya njinga momwe ndi motseka, osati pa chitsulo chokhala pamtetete. Choopsa china oilo wambiri amayenderera mpaka pa masitepe, mwaponda ndi nsapato ya labala, basi mwatsetsereka.

Choncho funso loyamba si "ndithire chani" koma "ndichotse chani". Gonekani makwererowo pa mabenchi awiri kapena pa migolo, muwatambasule mpaka kumapeto. Tengani kansanza konyowetsa ndi palafini pang'ono ndi mswachi wakale, mukweche loko aliyense mkati ndi kunja mpaka chakuda chonse chichoke, mudzaona chikutuluka ngati phula. Petulo ayi chonde, ndipo palafiniyo asakhudze chingwe kapena malabala a kumapazi. Mukatero tsukani makwerero onse ndi madzi a sopo wamba, masitepe onse limodzi ndi limodzi, mutsukuluze, muyanike padzuwa mpaka aumiretu. Musagwiritse ntchito soda wa kositiki chifukwa amadya aluminiyamu, ndipo bulashi ya waya wachitsulo nayo imasiya tizitsulo tomwe timadzachita dzimbiri pamenepo. Suzumiraninso m'mabowo a masitepe, mkati mwake ndi mwamphako ndipo mumakhala matope, nthawi zina mpaka tizisa tadothi ta tizilombo, zonsezi zimasunga chinyezi.

Akauma, musanathire kalikonse, yesani loko ali wouma choncho. Pali kalilime kaja kamene kamakankhidwa ndi sitepe makwerero akamakwera. Kakankheni ndi chala nkukasiya. Kakuyenera kubwerera kokha msangamsanga, kumveka kuti kha. Chitani zimenezi kakhumi mbali iliyonse. Ngati kakubwerera mwaulesi, kapena mpaka mukathandize ndi chala, ndiye kuti sipuling'i yatopa kapena yadyeka ndi dzimbiri, ndipo pamenepo palibe mafuta pa dziko lino amene angakonze. Ikufunika ina basi, kapena loko yense watsopano. Ndaonapo anthu atamanga mphira ya chubu m'malo mwa sipuling'i, ena waya, zimagwira tsiku limenelo koma mphira ikapsa ndi dzuwa imaduka osakuchenjezani, ndipo imaduka muli pamwamba.

Ngati kalilime kali bwino, apa nde pothira mafuta, koma pang'ono zedi. Ine ndimagwiritsa ntchito mafuta oyera a makina osokera, omwe aja matelala a pakhonde amakhala nawo, kabotolo kamodzi kamandikwanira chaka. Dontho limodzi kapena awiri pa kapini pomwe loko amazungulira, dontho lina pa sipuling'i, muyendetse kangapo kuti alowe kenako mupukute onse otsala kunja ndi nsanza youma. Chitsulo chikamaoneka chonyowa nde kuti mwachulutsa. Mukapeza sipule ya silikoni kapena ya PTFE ku hadiweya, imeneyo ndi yabwino koposa kwa inu oyenda m'fumbi chifukwa ikauma siikola dothi.

Ena andifunsa za sipule ija ya WD-40. Inapangidwa ku San Diego mu 1953 ndipo zilembo WD zikutanthauza kuthamangitsa madzi, ndiye pomasula kapini kogwidwa ndi dzimbiri kapena pochotsa chinyezi imathandiza ndithu. Koma ndi yopyapyala, sichedwa kutha, choncho mukamasula nayo mubwerezebe dontho la mafuta a makina lija. Mafuta ophikira musayerekeze, pakapita nthawi amalimba nkumamata ngati ulimbo, makamaka kukazizira.

M'mbali momwe zigawo ziwiri za makwerero zimakhuzana potsetsereka simufuna oilo. Tengani kandulo wamba woyera, mupake ngati mukulemba ndi choko, mokhamo mokhuzana, osati pogwira manja. Mukakoka mudzamva kusiyana nthawi yomweyo.

Kapule nako dontho limodzi pa pini ya pakati, osati mu ngalande momwe mumadutsa chingwe. Kazungulitseni ndi chala, kenako kagwedezeni cham'mbali, ngati kakugwedera kwambiri kapena kang'aluka sinthani. Nthawi zambiri kukoka kukamavuta vuto limakhalanso chingwe chomwe, zingwe za pulasitikizi zimapsa ndi dzuwa, zimayamba kutuwa ndi kunyenyeka ngati ufa mukazipotokola. Chikafika pamenepo gulani china cha kukula komweko, chonenepa kwambiri chimakanirira mu kapule ndipo chowonda chimagwera pambali nkuphanika. Chingwe sichithiridwa mafuta.

Pali nkhani ya dzimbiri imene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa kuno kwathu imatipweteka. Anthu amati aluminiyamu sachita dzimbiri, nde makwerero amangowasiya kuseri kwa nyumba chaka chonse. Zoona, thupi lake silifiira, koma masipuling'i, mapini ndi mabawuti ambiri ndi achitsulo wamba. Kuno ku Dedza tili pamtunda, tauniyi ili pafupifupi mamita 1,600 ndipo phiri lathuli limafika mamita 2,198, mu Juni ndi Julayi m'mawa chifunga chimakuta paliponse, chilichonse chogona panja chimadzuka chili chonyowa ngakhale mvula sinagwe. Kwanu ku Tsangano ndi ku Lizulu mukudziwa kuti ndi chimodzimodzi. Ndipo pomwe chitsulo chakhudzana ndi aluminiyamu pakalowa madzi, aluminiyamuyo amayamba kudyeka, mudzaona kaufa koyera kuzungulira bawuti kapena riveti. Mukaona ufa umenewo pukutani, muyang'anitsitse ngati bowo silinakule.

Ine ndinaphunzirira pa makwerero anga. Chaka china ndinawasunga mu chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza wa kachewere, mvula yonse ali momwemo atatsamira pa matumbawo. Pomadzawatulutsa mu Epulo sipuling'i ya loko wakumanzere inali itafiira ngati dothi la katondo, nditangoikankha ndi chala chachikulu inathyoka pakati, tizidutswa take nkutsalira m'manja mwanga. Feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya zitsulo kwambiri. Simenti yaiwisi ndi laimu nazo zimadya aluminiyamu, zikadonthera tsukani tsiku lomwelo. Pano anga ndimawapachika chogona pa khoma la m'shedi pa zokolekera zitatu, kuti pakati pasapindike.

Amene muli ndi makwerero opinda aja oima okha, zonse ndi zomwezi, dontho pa hinjesi iliyonse, ndipo timikono ta pakati tija tiziwongoka nkukhoma tokha. Riveti ikamagwedera kapena sitepe ikapindika musapite nawo kwa owotcherera, aluminiyamu wa makwerero amalimbitsidwa ku fakitale ndipo moto wa kuwotcherera umamufewetsa pamalo omwewo, kunja kumaoneka bwino koma mphamvu yapita. Malabala a kumapazi akatha nawonso asinthidwe, chitsulo chosavala pa simenti ya pakhonde chimaterera.

Kwa inu amene mumakwera tsiku ndi tsiku ndinganene kuti kutsuka ndi kuthira dontho kuzichitika kamodzi pamwezi, nthawi ya fumbi ngakhale kawiri. Enafe okwera mwa apo ndi apo bola kawiri pachaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Epulo ikatha. Koma kuyesa kalilime ndi chala kuja ndi kwa tsiku lililonse musanaimike, sikutha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo mukatalikitsa yang'anani m'mwamba ndi maso anu kuti maloko onse awiri akhala pa sitepe imodzi.

Poti ntchito yanu ndi ya padenga ndiwonjezere izi ngakhale simunafunse. Aluminiyamu amadutsa magetsi, waya wa ESCOM wolowa m'nyumba uja ali ndi mavoti 230, nde ponyamula makwerero pabwalo la munthu muziwanyamula chogona ndipo muyang'ane kumwamba musanawadzutse. Poimika, pa mamita 4 aliwonse okwera phazi litalikire khoma mita imodzi, ndipo nsonga ipitirire denga ndi mita imodzi kuti mukhale ndi pogwira potsika. Ngati pambali pakadali sitika yolembedwa EN 131, womwe ndi muyezo wa makwerero wa ku Ulaya, malire ake ndi makilogalamu 150, kuwerengera inuyo pamodzi ndi batire kapena panelo mwanyamulayo.

Mukatsuka mundilemberenso achimwene, mundiuze ngati tilirime tonse tiwiri tikubwerera tokha. Ngati kamodzi kakukanabe, jambulani lokoyo pafupi mbali zonse ziwiri munditumizire chithunzi, tione ngati ndi sipuling'i yokha kapena chitsulo chake chinapindika.