Yankho: n'chifukwa chiyani mabanki a ku America ankapereka ndalama zakutha pa nthawi ya nkhondo?

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama zamapepala zakuda ndi zoperepeseka zomwe anthu ankalandira ku America pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse zinkatanthauza kuti boma lashota. Ayi ndithu. Chimene chinkasowa ndi zipangizo, makina komanso manja opangira mapepalawo.

Pepala la dola si ngati la kope. Amalipanga ndi thonje losakaniza ndi linen (ulusi wochokera ku mbewu ya fulakesi), ndipo kampani ya Crane ya ku Dalton, m'chigawo cha Massachusetts, ndiyo inkalipanga. Munkakhalanso timaulusi ta silika tofiira ndi tabuluu, koma silika wambiri ankachokera ku Japan, dziko lomwe linasanduka mdani mu December 1941. Nayo nthambi yosindikiza ndalama ku Washington, Bureau of Engraving and Printing, inali itapanikizika: masitampa, zikalata za ngongole ya nkhondo, ndalama zapadera za ku Hawaii ndi zolipira asilikali ku North Africa, zonsezi zinkadikira makina omwewo. Pamenepo n'kuti anthu akufuna ndalama zogwira m'manja kuposa kale, poti mafakitale anali atalemba ntchito anthu ochuluka. Ndalama zozungulira zinali pafupifupi madola 8 biliyoni mu 1940, koma pofika 1945 zinapitirira 25 biliyoni.

Ndiye mukadakhala inu mukanatani? Ku banki yaikulu ndalama zikabwerera amazisankha, zabwino n'kuzibweza kwa anthu, zakutha n'kuziwononga. Kungofewetsa muyeso wosankhirawo, pepala lomwe likanatayidwa lero limagwirabe ntchito kwa miyezi ina, ndipo pepala latsopano lomwe akanasindikiza lapulumuka. Kwa ine imeneyi inali nzeru, chifukwa dola yakuda imagula buledi yemweyo amene dola yonyezimira imagula.

Chosangalatsa kwambiri chinachitika mu December 1942. M'nkhokwe munali ndalama zokwana pafupifupi madola 660 miliyoni zomwe anasindikiza mwachangu mu 1933, mabanki akugwa Pulezidenti Roosevelt atangolowa m'boma, koma sizinagwiritsidwe ntchito. Anazitulutsa zonse, chifukwa chake n'chomwecho, kusunga mapepala ndi antchito. Apa pokha mkangano unabuka. Akatswiri ena a zachuma anati boma likungodzipangira ndalama mobisalira, ndipo kudandaula kwawo sikunali kopanda mutu, poti kutulutsa ndalama zina n'kosiyana ndi kutalikitsa moyo wa zomwe zilipo kale. Mu June 1945 nyumba ya malamulo inachotsa mphamvu yotulutsa ndalama za mtundu umenewo.

Makobidi nawo sanasiyidwe. Wani senti ya 1943 anaipanga ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki kuti kopa apite ku zida zankhondo, ndipo anthu ankaisokoneza ndi teni senti chifukwa cha kuyera kwake. Mu 1944 anatulutsanso madola ena okhala ndi chilembo chofiira cha R kapena S, pofuna kuona kuti pakati pa pepala lanthawi zonse ndi lapadera, lolimba kwambiri m'matumba mwa anthu ndi liti.