Dzanja limathawa moto ubongo usanadziwe

Achimwene, funso lanu loti bwanji munthu ukagwira poto wotentha dzanja limathawa usanamve n'kupsa komwe, yankho lake ndi loti pamenepo ubongo sunayambe waganiza ayi. Mitsempha yathu ili pawiri. Pali likulu, lomwe ndi ubongo pamodzi ndi mtsempha waukulu uja umadutsa mkati mwa mafupa a msana, ndiye pali mitsempha ina yochoka pamenepo kupita thupi lonse, mapeya 12 ochokera ku ubongo ndi mapeya 31 ochokera kumsana. Ndiye ukakhudza poto uja uthenga umathamanga kuchokera pakhungu kukafika kumsana, msanawo osadikira za bwana ubongo, pompo umalamula minofu kuti chotsa dzanja, kenako ubongo umalandira uthenga mochedwerako pang'ono, apo ndi pamene umakuwa kuti mayo ine! Mitsempha ina uthenga umayenda mamita opitirira 100 pa sekondi, si masewera.

Mwa mitsempha yopita thupi lonse ija mulinso gulu lina lomwe silifunsa chilolezo chako, limayendetsa kugunda kwa mtima, kugaya chakudya, thukuta. N'chifukwa chake ukachita mantha mtima umagunda kwambiri ngakhale uziuza kuti phee.