Mumamva bwino m'kalasi, koma funso likabwera mutu umaima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali m'chaka choyamba ku koleji. Anapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena sukulu yake. Mwachidule anati: "Achimwene, semesita ino ndili ndi fizikisi, kemisitiri, programming ndi kosi ina ya masamu a zachuma. Aphunzitsi akamawerengera pa bolodi ndimamva zonse. Notsi ndimawerenga mpaka usiku. Mapasti pepa ndili nawo ambiri, ena ndi mayankho ake omwe, ndipo ndikamawerenga mayankhowo ndimaona kuti n'zosavuta. Koma pa mayeso a pakati pa semesita ndinangokhala n'kumayang'ana pepala, mutu utaima. Kodi mwina mutu wanga si wa sayansi? Ndichite chiyani?"

Achemwali, ndasankha kukuyankhani pano chifukwa funso lanuli si lanu nokha. Alipo ambiri, kuyambira a Folomu 4 amene akukonzekera MSCE mpaka anzanu a m'makoleji, amene akudandaula chimodzimodzi koma akuchita manyazi kufunsa.

Mutu wanu ulibe vuto. Vuto mwalitchula nokha m'kalata yanu pamene mwati "ndikamawerenga mayankhowo". Mwana amene amakhala pakhomo pa khitchini tsiku ndi tsiku n'kumaonerera amayi ake akuphika nsima amadziwa ndondomeko yonse. Akhoza kukuuzani nthawi yothira ufa, nthawi yosiya phala kuti likhwathire, nthawi yovundula. Koma tsiku loyamba kugwira mthiko, nsima imatuluka ya mibulu, chifukwa chimene amachidziwa ndi maso dzanja silinachidziwe. Yankho lolemba wina limakhala ngati msewu wolambula kale. Simuona pamene mwiniwake anaima n'kudzifunsa kuti ndilowere kuti, pamene anayesa fomula ina n'kuisiya. Ndipo mayeso amayesa malo omwewo amene yankho lolembedwa kale limabisa: kusankha poyambira.

Nanenso ndinadutsa momwemo. Ndili Folomu 3 mnzanga wina anandibwereka kabuku ka mafunso a masamu ndi mayankho ake. Ndinakawerenga konse kawiri, mtima uli m'malo kuti ndakonzeka. Pa mayeso a kumapeto kwa teremu funso loyamba lomwe linali lofanana ndi lina la m'kabukuko, manambala okha ndi amene anasintha, koma sindinathe ngakhale mzere woyamba. Ndinalizindikira funsolo ngati nkhope ya munthu amene unakumana naye kale, koma dzina lake silikubwera. Zinandipweteka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kalata yanu yandikhudza.

Izi akatswiri anaziyesa. M'chaka cha 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anangowerenga mobwerezabwereza, ena anawerenga kenako n'kutseka pepala n'kulemba zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndi amene anachita bwino. Atayesedwa patapita sabata, otseka pepala aja anawaposa. Kuwerenga mobwereza kumamupatsa munthu chikhulupiriro usiku womwewo, koma sikufika naye pa tsiku la mayeso.

Tsopano tengani cholembera ndi pepala. Musapitirize kuwerenga musanatenge, chonde, chifukwa mukangowerenga mudzakhala mwabwereza chomwe chakufikitsani pano.

Tiyambe ndi zachuma, poti ndi zimene timakumana nazo ngakhale kunja kwa kalasi. Tinene kuti mayi wina wabwereka K50,000 ku banki mkhonde, chiwongola dzanja chake ndi 20 peresenti pa mwezi, ndipo watha miyezi 6 osabweza kalikonse. Gulu lawo linagwirizana kuti chiwongola dzanja chosabwezedwa chimalowa mu ngongole. Ali ndi ngongole ya ndalama zingati? Imani apa muwerengere.

Ambiri amathamangira kunena kuti 20 peresenti ya K50,000 ndi K10,000, kuchulukitsa ndi 6 ndi K60,000, zonse pamodzi K110,000. Ena amasakasaka m'mutu fomula ija ya mabulaketi ndi mphamvu ya n, ikapanda kubwera amataya mtima. Koma fomula isanabwere, funso ili mutha kuliyenda wapansi. Mwezi woyamba ukatha ngongole ndi K60,000. Mwezi wachiwiri 20 peresenti ija siikhalanso ya K50,000 koma ya K60,000, ndiye ngongole ifika K72,000. Wachitatu K86,400, wachinayi K103,680, wachisanu K124,416, wachisanu ndi chimodzi K149,299 ndi matambala ochepa. Mwaona chimene dzanja lanu lakhala likuchita? Mwezi uliwonse mwachulukitsa ndi 1.2, ndipo mwatero kasanu n'kamodzi. Fomula ija si china ayi, ndi chidule cha zomwezi. Munthu amene wayendapo chonchi kamodzi, ngakhale fomula itamuthawa m'chipinda cha mayeso, atha kuipanganso yekha pambali pa pepala. Ndipo kusiyana kwa K110,000 ndi K149,299 si nkhani ya malikisi okha. Ndi kumene kumachititsa kuti anthu alandidwe katundu wa m'nyumba chifukwa cha katapila amene ankamuona ngati wochepa.

Ku kemisitiri, chimene chimagwetsa ambiri si kuvuta kwa mfundo koma kuthamanga powerenga fomula ya mankhwala. Tengani feteleza wa urea, yemwe uja timabereketsera chimanga. Fomula yake ndi CO(NH2)2. Funso: m'thumba la makilogalamu 50 muli nayitrojeni wochuluka bwanji? Kaboni amalemera 12, okosijeni 16, nayitrojeni 14, hayidrojeni 1. Ka 2 kali kunja kwa mabulaketi kaja kakutanthauza kuti zonse za m'kati zilipo kawiri, ndiye nayitrojeni alipo awiri, 28, hayidrojeni anayi, 4. Kuphatikiza zonse mupeza 60. Nayitrojeni ndi 28 mwa 60, yomwe ndi pafupifupi 46.7 peresenti. Pitani mukayang'ane pa thumba la urea, mukapeza palembedwa 46 peresenti N, kutanthauza nayitrojeni. Ndiye m'thumba lonse lija, chakudya chimene mlimi akufunadi ndi makilogalamu pafupifupi 23. Woiwala ka 2 kaja amapeza 44 m'malo mwa 60, yankho lake n'kukhala pafupifupi 32 peresenti, ndipo chilichonse chotsatira chimapotoka. Kulakwitsa kotereku simungakupeze powerenga yankho la wina, chifukwa iye analemba kale 60 ndipo maso anu amangodutsa n'kuvomera. Mumakupeza pokhapokha mutalemba 44 ndi dzanja lanu, n'kudabwa kuti bwanji sizikugwirizana.

Fizikisi ili ndi msampha wake, mayunitsi. Minibasi ikuthamanga makilomita 72 pa ola, dalaivala waponda mabuleki ndipo liwiro likutsika ndi mamita 5 pa sekondi sekondi iliyonse. Iyenda mtunda wautali bwanji isanaime? Musanalembe fomula iliyonse, jambulani. Kabokosi ka minibasi, muvi wosonyeza kumene ikupita, liwiro la poyambira, ziro pothera. Kenako lembani zimene mwapatsidwa ndi mayunitsi ake, ndipo pamenepo mudzaona kuti china chili m'makilomita pa ola, china m'mamita ndi masekondi. Makilomita 72 pa ola ndi mamita 20 pa sekondi. Liwirolo kulichulukitsa ndi lokha ndi 400, kugawa ndi 10, yomwe ndi 2 kuchulukitsa ndi 5, mupeza mamita 40. Amene sanasinthe mayunitsi amapeza 518. Apa pali chizolowezi chimene ndikufuna mukhale nacho pa funso lililonse: mukapeza yankho, lifunseni ngati ndi lomveka. Mamita 518 ndi mabwalo a mpira asanu oikidwa motsatizana. Munakwerapo minibasi yoponda mabuleki n'kudutsa mabwalo asanu isanaime? Yesaninso funso lomweli minibasi ikuyenda makilomita 36 pa ola. Mupeza mamita 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ine chiyambire kuwerengera zimenezi ndekha, sindikhalanso chete dalaivala akamathamanga mopitirira pa M1.

Programming ndiye singaphunziridwe ndi maso ngakhale pang'ono. Simunanene chilankhulo cha kompyuta chimene mukugwiritsa ntchito, ndiye nditenga Python. Bwererani ku ngongole ya mayi uja, muiuze kompyuta ichite zimene munachita pa pepala:

ngongole = 50000
for mwezi in range(6):
    ngongole = ngongole * 1.2
    print(mwezi + 1, ngongole)

Mizere inayi yokha, koma muilembe nokha, musakope. Mukatero sinthani range(6) ikhale range(1, 6), ndipo musanaiyendetse lembani pa pepala chimene mukuganiza kuti chituluke. Ambiri amayembekezera miyezi 6 yomweyo. Koma range imaima isanafike pa nambala yomaliza, ndiye loop, yomwe ndi mizere yobwerezedwa ija, izungulira kasanu kokha n'kuthera pa K124,416. Kenako yesani kuti munthu azilemba yekha ndalama imene wabwereka pogwiritsa ntchito input(). Pulogalamu ikana, ikupatsani TypeError, chifukwa input() imabweretsa zilembo osati nambala, ndipo zilembo simungazichulukitse ndi 1.2 mpaka mutazisandutsa ndi float(). Zolemba zofiira zikatuluka musatseke laputopu. Werengani mzere womaliza, ndi umene umanena vuto, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere umene pulogalamu yapunthwa. Ngati mulibe laputopu, pa foni ya Android mutha kuika Pydroid, imayendetsa Python. Magetsi akazima, jambulani tebulo pa pepala, danga la mwezi ndi danga la ngongole, muziyenda mzere ndi mzere ngati inuyo ndinu kompyuta. Mayeso ambiri a programming amalembedwa pa pepala, ndiye luso limeneli simutaya nalo nthawi.

Mwina mukuti, nanga ndikakakamira osadziwa kolowera? Mudzakakamira ndithu, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mukuphunzira. Dzipatseni mphindi 15 kapena 20 muli nokha ndi funso. Lembani zimene mwapatsidwa, lembani chimene akufuna, yesani ndi manambala ang'onoang'ono, jambulani. Zikakanikabe, tsegulani yankho mutaphimba ndi pepala, muone mzere umodzi wokha, mutseke, mupitirize nokha. Funso limene mwathandizidwa chonchi musaliwerengere kuti mwalitha. Liikeni chizindikiro, mudzalibwerere pakapita masiku atatu pa pepala loyera.

Mugule kope limodzi la zolakwa zokhazokha. Musamalembemo yankho lolondola, muzilemba chimene chinakusocheretsani: "ndinaiwala 2 wa kunja kwa mabulaketi", "sindinasinthe makilomita", "ndinatenga chiwongola dzanja cha pa chaka ngati cha pa mwezi". Pakatha mwezi mudzaona kuti zolakwa zanu si zambirimbiri monga mukuganizira, ndi zitatu kapena zinayi zomwezo zimene zikungosintha malaya. Usiku woti mawa mayeso, kope limeneli lidzakuthandizani kuposa notsi za semesita yonse.

Chinanso, musamachite mafunso khumi a mutu umodzi motsatizana n'kukhutira. Mukangomaliza kuwerenga za chiwongola dzanja, funso lililonse lotsatira mukudziwa kale kuti ndi la chiwongola dzanja, ndiye theka la ntchito wakugwirirani ndi mutu wa tsambalo. Pa mayeso mafunso sabwera ndi chikwangwani. Sakanizani a mitu yosiyana, a sabata ino ndi a mwezi watha. Mudzalakwitsa kwambiri poyamba ndipo mudzaona ngati mukubwerera m'mbuyo, koma pirirani.

Za magulu okambirana, n'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, koma ndaona magulu ambiri momwe munthu mmodzi amaima pa bolodi ena asanu n'kumagwedeza mitu. Kumeneko ndi kuonerera nsima komwe kuja. Gwirizanani kuti aliyense azibwera atayesa kale mafunso ake, ngakhale atalephera, ndipo amene walephera ndi amene aziyamba kugwira choko n'kusonyeza pamene anaimira. Chimodzimodzi ndi ChatGPT ndi zinzake. Mukajambula funso n'kulitumiza musanaliyese, mwangopeza kabuku ka mayankho kachangu kuposa kanga ka ku Folomu 3. Izi zimalakwitsanso masamu nthawi zina, ndipo munthu amene sanayese yekha sangazigwire. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, ziuzeni pamene mwafika, muzipemphe kuti zikuuzeni sitepe imodzi yotsatira basi.

Pa makosi anayi amene muli nawo, mafunso atatu kapena anayi pa tsiku ochita ndi dzanja lanu akukwanirani, bola tsiku lisadutse. Aphunzitsi anu muziwapitira ndi pepala limene mwayesapo, lofufutafufuta momwemo, chifukwa akaona pamene mwapotokera amakuthandizani msanga kusiyana n'kungowauza kuti simukumva.

Ndikusiyirani ntchito iyi, achemwali. Pali feteleza wina wotchedwa sulphate of ammonia, fomula yake (NH4)2SO4, ndipo salufa amalemera 32. Pezani peresenti ya nayitrojeni ndi makilogalamu ake m'thumba la makilogalamu 50, kenako mulembe pulogalamu yaifupi yoti munthu akalemba kulemera kwa thumba ndi peresenti, iyo imuuze nayitrojeni amene alimo. Yankho sindilemba pano. Mukamaliza mujambule pepala lanu lonse, ndi pamene mwakhwatcha pomwe, munditumizire pa imelo yomwe ija.