Msuweni, funso lako ndalimva

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, pepa, uthenga wako ndinauwona dzulo koma ndinali pa shifiti ya usiku, ndangotsika basi kumene. Ndiyankha pagulupu pomwe pano poti wafunsira pompano. Amene sakufuna kumva adumphe.

Wafunsa kuti kodi kuno ku UK nyuzi zimawalemba bwanji andale akuda, makamaka azimayi, kodi zimawalemekeza kuposa kwathu. Iwe msuweni, iweyo? Wayamba liti kutsata ndale za ku London, munthu woti ukatsegula wayilesi umangofuna makwaya ndi mauthenga a maliro? Ayi, ine ndakumva. Mayi anandinong'oneza kale za anthu aja anabwera kwanu Lamulungu, atatu, wina atamanga nsalu ya chipani. Ndiye... chabwino, ndiyambe kaye ndi zimene walembazo.

Kuno kuli mayi wina, Diane Abbott. Makolo awo anachokera ku Jamaica, iwo anabadwira ku London, sukulu anafika mpaka ku Cambridge. Mu 1987 ndi amene anali mkazi woyamba wakuda kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ya kuno, dera la Hackney North and Stoke Newington. Tangowerenga zakazo, iwe unali usanayambe ndi sitandade wani yomwe. Ndiye mu 2017, nthawi ya kampeni, anawafunsa pa wayilesi ya LBC kuti apolisi 10,000 amene chipani chawo cha Labour chimalonjeza kulemba adzadya ndalama zingati. Mayi aja anasokoneza. Anati mapaundi 300,000, kenako anati 80 miliyoni, pomwe yolondola inali 300 miliyoni. Msuweni, dziko linagwa. Nyuzi, kanema, foni iliyonse, kuntchito kwathu anthu kuseka mpaka kugwira m'mimba. Patapita nthawi pang'ono zinadziwika kuti mayiwo amadwala shuga ndipo masiku amenewo inali itavuta, koma ndani anamvera?

Mwezi womwewo... eya, May yemweyo, nduna ya zachuma yeniyeniyo, Philip Hammond, bambo wachizungu, anaphonya pa BBC mtengo wa njanji ya HS2 ndi mapaundi 20 biliyoni. Biliyoni, osati miliyoni. Zinalembedwa ndithu, sindinama, koma sizinakhalitse. Lero ukafunsa munthu mumsewu za Hammond sakumbuka, ukangotchula Abbott akuti aa, uja wa masamu. Ndipo a bungwe loona za ufulu wa anthu la Amnesty International atawerenga mauthenga otukwana a pa Twitter opita kwa aphungu aakazi m'masabata 6 chisankho chimenecho chisanachitike, anapeza kuti pa 100 aliwonse, 45 amapita kwa mayi mmodzi ameneyu. Mmodzi.

Aa, zandikumbutsa amalume. Ndikunena bambo ako aang'ono, a chigayo. Iwowa sali pagulupu pano, ndiye wina asayerekeze kuwatumizira, ndikukuwonani achimwene, chala chanu chija chimafulumira.

Ukukumbuka za K200 ija? Iwe uyenera kukumbuka, unali kukhala konko nthawi imeneyo, chitangotha chipwirikiti cha malata chija. Azakhali anabweza chenji molakwika kuchigayo, anapyoletsa K200 kwa mayi wina wa kutsidya. Kamodzi kokha. Mayiyo anadzabweza mawa lake m'mawa, ndalama sinasowe n'komwe. Koma amalume anaitenga nkhani ija ngati nyimbo. Pa chinkhoswe ayinena, pa bawo pansi pa mango uja ayinena, ngakhale pa sadaka ya agogo anayinena, anthu tikulira iwo akuti mwaona, mutu wa mkazi ndi masamu sizigwirizana. Azakhali amangoti duu, n'kumapitiriza kuomola nsima.

Ndiye chaka chomwecho... ayi, ndanama, chinali chotsatira chake, chifukwa ine ndinali nditabwerako kale ku Lilongwe. Amalume ananyamuka ndi ndalama za matumba 6 a feteleza kupita pa boma pa Ntcheu. Anabwera ndi matumba 4. Anafunsidwa, akuti ndinawerenga molakwika, mwina zina zagwa mu minibasi. Banja lonse linati chiyani? Zimachitika, bambo atopa ndi ulendo, apatseni madzi osamba. Basi, nkhani inathera pakhonde pomwepo. Mpaka lero ndine woyamba kuyikumbutsa.

Dikira, sindinathe. Azakhali atapita ku Ulongwe, ku Mozambique, kumaliro a achemwali awo, anakhalako masabata atatu. Kope la chigayo anawasiyira amalume patebulo, pensulo ili pomwepo. Sabata yoyamba zinayenda. Yachiwiri dizilo anatha, ndalama yogulira wina palibe, chifukwa aliyense wobwera ndi thumba n'kunena kuti malume ndilipira Loweruka, iwo amangoti gaya mwana wanga. Ngongole amalemba pakhoma ndi khala. Ine ndinaona ndi maso angawa: mayi wa duku lofiira, ndowa ziwiri. Mudzi wonse uja, duku lofiira analibe ndani? Chigayo chinati zii. Anthu anayamba kusenza chimanga kupita kutsidya kwa mtsinje. Azakhali atabwera, asanasinthe ndi zovala za kumaliro, anatenga kope lija n'kuyenda khomo ndi khomo, amadziwa pamtima amene amagayitsa Lachiwiri ndi amene amagayitsa Lachisanu. Masiku anayi chigayo chinaliranso. Amalume anati chiyani? Akuti vuto linali kukwera kwa dizilo. Ndipo Khirisimasi ya chaka chomwecho ananenanso za K200.

Amalume omwewo ndi amene mu April 2012, a Bingu atamwalira, anakhala pampando wa ndalema uja wayilesi ili pakhutu, akumva kuti mayi Joyce Banda alumbira kukhala pulezidenti, n'kupukusa mutu akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Akunena zimenezo ali pakhomo pomangidwa ndi ndalama za kope la azakhali. Ine ndimawakonda amalume, anandilipirira fizi ya Fomu 3, sindidzaiwala. Koma tsiku limenelo mtima unandiwawa.

Ndipo mayi Banda ukudziwa zimene anakumana nazo. Asanakhale n'komwe pulezidenti, mayi Callista Mutharika anawanena kuti wogulitsa mandasi sangalamulire dziko, mkazi mnzawo ameneyo, ndipo mawu aja anayenda m'nyuzi ndi m'mawayilesi mpaka anasanduka dzina. Iwo anayankha kuti inde ndine wa mandasi ndipo ndikunyadira. Za Cashgate mu 2013, pamenepo afunsidwe, ndalama za boma zinabedwa iwo ali pampando, atolankhani anachita bwino kukumba. Koma mu 2014 atagonja, anakhala wachitatu, anthu sananene kuti mayi Banda alephera. Amati mwaona, azimayi sangathe. Abambo angati alephera dziko lija? Unamvapo wina akuti basi, tisadzavoterenso mwamuna?

Mayi Abbott nawonso si mngelo ayi. Mu 2023 analemba kalata m'nyuzi ya Observer yomwe inakhumudwitsa Ayuda ndi ena, anapepesa, chipani chinawaimitsa. Pamenepo palibe chowaikira kumbuyo. Ine chikundipweteka ndi muyeso. Azimayi achizungu nawo amalawa, Daily Mail mu March 2017 inaika patsamba loyamba miyendo ya Theresa May ndi Nicola Sturgeon, atsogoleri awiri akukambirana za dziko, nyuzi ikuyerekeza miyendo. Koma ukakhala wakuda katundu amakhala pawiri. Mu 2024 nyuzi ya Guardian inaulula kuti Frank Hester, amene anapereka mapaundi 10 miliyoni ku chipani cha Conservative, ananenapo kuti akawaona mayi Abbott amafuna kudana ndi akazi onse akuda, ndiponso kuti akuyenera kuomberedwa. Nkhaniyo ikukambidwa m'Nyumba ya Malamulo, eni akewo anaimirira ka 46 kufuna kulankhula, sipikala sanawapatse mpata. Ndinaonera pa kanema ndili kuntchito, ndinatuluka panja kaye.

Ndiye msuweni... mmm. Iwe sukufunsa za London. Ukufuna ndikuuze kuti kwinakwake kuli malo amene mkazi amaima anthu n'kumuyeza ndi ntchito yake yokha, kuti mtima ukhale pansi. Kapena ukufuna ndikuuze kuti n'zoopsa, kuti upeze pothawira anthu aja akadzabweranso. Zonse ziwiri sindikupatsa. Kuno kulibe malo amenewo, kwathu kulibenso. K200 yako idzakhala nyimbo, matumba awiri a mnzako wopikisana nayeyo adzati zimachitika. Adzafunsa kuti amuna ako avomera, adzakumba za ukwati woyamba uja, pa Facebook adzayika chithunzi chimene unatuluka moipa. Komabe ima. Ukhansala umenewo kaupikisane.

Ukundimva? Ndikuti ima. Zaka zonsezi wayendetsa banki m'khonde ija popanda tambala kusowa, mjigo wa kusukulu uja unatheka chifukwa cha iwe, osandiuza kuti komiti, komiti inali kugona. Mayi Abbott atukwanidwa zaka zonsezi, koma mu 2024 anthu a dera lawo anawavoteranso, ndipo anakhala phungu wamkazi amene wakhalitsa m'Nyumbamo kuposa aphungu aakazi onse amene analimo nthawi imeneyo. Amene amavota ndi amene amakudziwa, ndipo kwanuko palibe khomo limene sunalowemo.

Kungoti manambala ako uwadziwe ngati Atate Wathu. Mijigo ingati yafa, midadada ingati ya sukulu ilibe denga, mlatho uja unakokoloka liti. Mnzakoyo akhoza kuphonya kakhumi, iwe sadzakukhululukira kamodzi, si chilungamo koma ndi mmene zilili. Ndipo ukadzaphonya tsiku lina, poti udzaphonya, usadzadzitsekere m'nyumba. Udzatenge kope n'kuyenda khomo ndi khomo ngati azakhali.

Iii, foni ikuti yatsala ndi 4 peresenti. Alamu, ngati mukumvera, musandikwiyire, ndikudziwa simunafune zituluke msanga, koma gulupu yonseyi inadziwa kale, mayi sasunga chinsinsi. Msuweni, anthu aja akabwera uwauze kuti eya. Loweruka ndili pa ofu, ndidzakuimbira cha m'ma 2 koloko ya kwanuko, ukhale ndi pepala ndi cholembera tiwerengere limodzi za ndalama ya mapulaimale. Ndipo upite kaye kwa azakhali usanauze amalume.